Mtambo Umene Unkafa Masana

Moni, owerenga okondedwa, kulikonse kumene nkhani ino yakupezani. Ndiyambe n'kuthokoza Mulungu amene watisunga kufikira lero, Iye amene anayala thambo pamwamba pathu, natipatsa aliyense makutu awiri ngakhale ambirife timamvera limodzi lokha. Lero ndikuuzani za abale awiri a mimba imodzi, ndi za mtambo umene palibe diso la munthu linauonapo.

Kuseri kwa phiri lina, kumene mafoni saloledwa n'komwe, kunali dishi yaikulu yoyera, yoti mpingo wonse ukhoza kukhalamo n'kutsalanso malo a kwaya. Sinali ya kanema ayi, inali yomvetsera kuthambo. Pakati pa nyenyezi za mlalang'amba wathu si pululu monga tionera ndi maso. Pali mitambo ya mpweya wa haidirojeni, yozizira koopsa, yaikulu kuposa mmene mutu wa munthu ungaganizire. Mitambo imeneyi siwala, koma imanong'ona pa mafunde a wailesi usana ndi usiku, ndipo dishi ija inkatola manong'onong'owo. M'kachipinda ka m'munsi mwake munali sikirini yoonetsa mzere wobiriwira wonjenjemera. Dishi ikaloza popanda kanthu, mzere unkangogona. Ikaloza pa mtambo, mzere unkatukuka n'kupanga kachulu. Ntchito yake inali imeneyo: kuloza, kudikira, kuyeza kachulu.

Abale awiriwa onse anali akatswiri a ntchitoyi. Wamkulu anzake ankamutcha Chikhutu, poti ankadzitama kuti amamva mtambo makina asanaumve. Wamng'ono ankamutcha Mchira, ndipo dzinali mwini wake linkamuwawa ngati mwala mu nsapato. Linabwera chonchi. Tsiku lina kunafika alendo ochokera kutali, ndipo Chikhutu powaonetsa mng'ono wake anati, "Uyu ndi mchira wanga. Kumene ndalowera amalowera komweko. Ndikakhala pansi ndimachita kusamala kuti ndisamukhalire." Alendo anaseka mpaka kupukuta misozi. Pa msonkhano wotsatira wamng'onoyo anaimirira n'kuonetsa, pamaso pa aliyense, pamene mkulu wake analakwitsa masamu, ndipo anachita kubwereza kuti akumbuyo amve. Kuyambira pamenepo moni unatha. Ngakhale kwa mayi awo okalamba ankapitako masiku osiyana, mayiwo n'kumaphika kawiri.

Chikhutu ankagwira shifiti ya m'mawa, Mchira ya masana. Lamulo linkati wotuluka azidikira wolowa, azipatsirana ntchito pamaso. Koma Chikhutu ankanyamuka dzuwa lisanafike paliwombo, Mchira n'kumafika litapendeka kale, kuti asakumane pakhomo. Poti dishi siloledwa kuyenda popanda munthu, kuopa mphepo, wotulukayo ankaiimika chagada, kuyang'ana kumwamba ngati munthu wogona. Anzawo a ntchito anatcha nthawi imeneyo ola la nkhwidzi. Nkhondo yawo inkamenyekera pa mpando. Chikhutu, wamfupi ndi wojintcha, ankautsitsa mpaka pansi. Mchira, wamtali ngati mzati, ankaukweza mpaka pamapeto n'kumanga chogwirira chake mwamphamvu zonse, kuti m'mawa wina atuluke thukuta.

Chikhutu anali atayamba imvi. Moyo wake wonse anayeza mitambo imene anapeza anthu ena, osapezako wakewake. Ndiye m'mawa wina, ataloza dishi pa malo amene aliyense ankadziwa kuti ndi opanda kanthu, kutali ndi msana wa mlalang'amba, mkwasa woyera uja wa nyenyezi zothithikana umene umadutsa pathambo usiku, mzere unatukuka. Mawa lake unatukukanso. Mkuja wake chimodzimodzi. Munthu wamkuluyo anavina yekha m'kachipindamo, n'kutumiza uthenga kwa abwana, mayi amene ankayang'anira malowo ali ku ofesi ya mumzinda.

Abwana anachita zimene amachita nthawi zonse: anauza wa masana kuti ayang'anenso malo omwewo. Mchira analoza dishi, nadikira. Mzere unangoti gone. Analozanso tsiku lina, n'linanso, koma kachulu osaoneka. Mtima wake unasangalala, Mulungu amukhululukire. M'chipinda chomwera tiyi anayamba n'kunena kuti mtambowo uli m'mutu mwa achimwene. Ataona kuti anthu akuseka anawonjezera: "Paja pulogalamu ya pa kompyuta yosefa phokoso analemba ndi iwo omwe. Munthu akafuna kachulu, amaumba."

Mawu amenewo anayenda okha mpaka mumzinda. Pa ntchito imeneyi kulakwitsa amakhululuka, koma kupeka sakhululuka. Wopeka amachotsedwa, ndipo zonse zimene anayezapo chiyambire anthu amazitaya ngati madzi otsukira mbale. Abwana anatumiza mawu akuti akubwera Lachisanu kudzamva mbali zonse ziwiri, ndipo ngati mtambowo ndi woumba, Chikhutu alongedze.

Mkazi wa Mchira anali telala. Madzulo a Lachitatu mwamuna wake anamupeza akupalasa makina, mapini ali kukamwa.

"Mwamva? Lachisanu," anatero Mchira.

Mkaziyo analavulira mapini m'dzanja. "Bola. Alamu anga aja akhaleko pansi. Paja pa ukwati wathu anati chiyani? Kuti ndakwatiwa ndi mchira, mutu ndinaulephera. Ine ndinaiwala ngati?"

"Vuto ndi loti ndilibe umboni. Ndingoti sindinauone."

"Inunso abambo, sukulu yonse ija? Wakuba amamugwira ndi dzanja lili m'thumba. Mawa mulawire, mukakhale kumbuyo kwawo, muone pamene akuumba."

"Ndikakhale nawo chipinda chimodzi?"

"Akudyani? Mano anatha kale aja."

M'mawa wa Lachinayi Mchira anakankha chitseko cha kachipinda kaja mame asanaume. Chikhutu anali atagwada, akulimbana ndi chogwirira cha mpando, mitsempha ili tolotolo pakhosi. Anatembenuka.

"Wasochera?"

"Ndabwera kudzaona mtambo wanu, achimwene."

"Wabwera kudzandigwira. Nena bwino, wa kwaya iwe. Lamulungu kuimba besi, Lolemba kudya mnofu wa m'bale wako."

"Ine ndangonena zimene ndinaona."

"Unaona ndikuumba?"

Mchira anakoka kabenchi n'kukhala kukhoma.

"Ayi, usakhale uko," anatero Chikhutu. "Bwera pano. Khala pa mpando wako wa nyamalikitiwu. Uloze wekha. Pulogalamu yanga uizimitse, uone mzere wosasefa. Ine manja ndaika m'thumba, ona. Mawa usadzati achimwene anatsokomola, kachulu n'kutuluka."

Mchira anakhala. Anazimitsa pulogalamu ija, nayang'ana mawaya kuseri kwa makina limodzi ndi limodzi, mkulu wake akuimba mluzu. Kenako analemba manambala a malo aja. Kunja dishi inabuula, n'kuyamba kutembenuka pang'onopang'ono. Anadikira. Mzere unanjenjemera, unanjenjemera, kenako pakati pake panayamba kutupa. Mchira anapukuta magalasi ake. Kachulu kanali pomwepo, koonekeratu, kosachita kufunsa.

Mchira anayang'ananso manambala aja. Anali olondola.

"Ukuti bwanji?" Chikhutu anawerama mpaka mpweya wake kumufika m'khutu. "Ndaumba ndi phazi?"

"Ndikuona."

"Kweza mawu, ndine wokalamba."

"Ndati ndikuona!"

"Ehe. Ndiye mawa tione amene alongedze. Masabata onsewa umaloza kuti, Mchira? Kapena umagona? Ndinakulera ine, ndinakuphunzitsa kugwira pensulo, ndinakulowetsa pakhomo ili. Mchira ukafuna kutsogola, nyama imagwera m'dzenje."

Anakhala choncho m'mawa wonse, wina akuyeza kachulu mobwerezabwereza ngati kasintha maganizo, wina akumwa tiyi mophwetekera dala. Dzuwa litayandikira paliwombo Chikhutu anatenga chipewa chake. Chizolowezi chinamukoka ngakhale munthu amene ankamuthawayo anali kale m'chipindamo.

"Ine ndapita. Uimike wekha dishi. Mpweya wa muno waipa."

Chitseko chinamenyeka. Mchira anatsala yekha ndi kachulu kaja. Dzanja lake linapita pa batani loimikira dishi, koma silinadine. Analibe mphamvu. Ankangoganiza za mawa: kuimirira pamaso pa abwana n'kunena kuti mkulu wake ananena zoona, ndipo iye, amene anatchula munthu kuti wopeka, ndi amene sadziwa kuloza. Ankamva kale kuseka kwa m'chipinda chomwera tiyi. Choncho kwa nthawi yoyamba chiyambire udani wawo, dishi inapitiriza kutsata malo aja mkati mwa ola la nkhwidzi.

Atadzutsa mutu anaona ngati kachulu kafupika. Anati mwina ndi maso. Anayeza. Kanali katafupikadi. Anadikira pang'ono n'kuyezanso, ndipo kanali katatsikanso. Sanagwire kanthu, dishi inali pa malo omwewo, koma kachulu kankaphwa ngati chotupa chimene chaphulika. Pofika nthawi imene iye ankalowera masiku onse, mzere unali utagona ngati kale.

Anaimirira. Mtambo weniweni sungafe pa ola limodzi. Chinthu chachikulu chotero, chakutali chotero, chimakhala mmene chilili mibadwo ndi mibadwo. Anatuluka panja. Dzuwa linkaswa mtengo, dishi ili mbee, yopweteka m'maso. Anayang'ana kumene inaloza, kenako anayang'ana miyendo yachitsulo imene imagwira kabokosi kolandira mafunde pakati pa dishiyo, kenako phiri lija chakumbali. Anathamangira mkati n'kutsegula mapu a thambo pa kompyuta, kuti aone zimene dzuwa linkabisa.

Zinali pomwepo. M'mawa wonse msana wa mlalang'amba, kumene haidirojeni ndi wochuluka moti sanong'ona koma amachita kubangula, unali pamwamba pa phiri, chakumbali kwa dishi. Khutu la munthu silimva za kutsogolo zokha, limatolanso za m'mbali, ndipo dishi ndi chimodzimodzi. Kubangula kuja kunkagunda miyendo yachitsulo ija n'kugwera m'kabokosi, n'kumaoneka ngati kanong'onong'o kochokera kutsogolo. Masana msanawo unkalowa kuseri kwa phiri, phiri n'kuutseka pakamwa. Mtambo kunalibe. Koma Chikhutu sanapeke kanthu. Zimene ankaona m'mawa zinali zoona, zimene Mchira ankaona masana zinalinso zoona, ndipo chinthu chonsechi chikanadziwika tsiku loyamba lomwe pakanakhala munthu pa mpando nthawi ya kupatsirana.

Mchira anakhala pansi. Owerenga anga, woyesa uja sabwera ndi nyanga. Amabwera ndi mawu oona, ongodula pakati. Anamunong'oneza kuti: palibe wakuona, foni kuno kulibe, mkulu wako wapita. Mawa ukangoti masana sunauonepo, wanama pati?

Madzulo anafotokozera mkazi wake zonse. Telala uja anaimitsa makina.

"Ndiye mtambo kulibe?"

"Kulibe."

"Basitu. Mwawina."

"Koma sanapeke."

"Akakufunsani zimenezo? Inu mukanene za shifiti yanu. Za m'mawa ndi za eni ake a m'mawa."

"Ndinalipo m'mawa. Unandituma ndiwe."

"Ndinakutumani kukagwira wakuba, osati kukamusambitsa! Tamverani abambo. Mukawapulumutsa mukuganiza kuti akuthokozani? Adzakutchani Mchira mpaka kumanda, adzachita kulemba pamwala. Ndipo mukaulula za ola lanu lija, abwana akakuwazani nonse awiri. Mwaganiza zimenezo?"

"Ndaganiza."

"Ndiye?"

Mchira anatenga jekete napita kokonzekera nyimbo za Lamulungu. Anaima kumbuyo pa malo ake, koma atatsegula pakamwa mawu sanatuluke. Nyimbo inali yonena za kuyera mtima. Ankangoona abale awiri oyamba aja a m'Malemba ali kumunda, mmodzi atagona pansi, winayo akupukuta manja n'kumayankha Mulungu mwamwano. Woimbitsa anamuyang'ana kawiri. Iye analoza pakhosi ngati wadwala chimfine.

Lachisanu m'mawa anakadikira mkulu wake pa kanjira kopita ku dishi. Chikhutu anabwera atavala suti ya maukwati, nsapato zikuwala.

"Achimwene, imani kaye."

"Ukapepese mkati, pamaso pa anthu. Kuno kulibe mboni."

"Dzulo sindinaimike dishi. Ndinautsata mtambo wanu mpaka masana. Unafa ndikuona."

Anafotokoza za msana wa mlalang'amba, za miyendo yachitsulo, za phiri. Chikhutu anali katswiri, ndipo mng'ono wake asanamalize nkhope yake inali itagwa kale. Anayang'ana dishi, nayang'ana phiri. Milomo yake inkayenda ngati akuwerengera chamumtima. Kenako maso ake anafiira.

"Wagona tulo iwe? Kapena unachezera kufunafuna pondibaya?"

"Sindinafunefune. Ndinangokhala pa mpando."

"Tamvera. Dzulo m'mawa unauona kapena sunauone?"

"Ndinaona kachulu."

"Ukanene zimenezo basi. Zinazo tidzaziona patsogolo, mwakachetechete. Ndatsala pang'ono kupuma ntchito, Mchira. Undisiyire chinthu chimodzi chokha. Chimodzi! Zaka zonsezi ndayeza mitambo ya anthu ngati wolera ana a eni. Sindinakupemphepo kanthu chibadwire."

Aka kanali koyamba kuti Mchira amve mawu a mkulu wake akunjenjemera. Zinamupweteka kuposa chipongwe.

"Ena adzalozako dishi zawo, achimwene. Akadzapeza kuti kulibe, adzati munapekadi."

"Pamenepo ndidzakhala nditapita."

"Sindingathe."

"Sungathe." Chikhutu analavula pambali. "Kundipachika unatha. Kunditcha wabodza m'chipinda cha tiyi unatha, pakamwa pali bisiketi. Lero ndiye wasanduka mngelo. Choka, ndidutse."

Abwana anafika ndi galimoto yafumbi. Anali mayi wochepa thupi, wosakonda mawu ambiri. Anakhala kumutu kwa tebulo m'chipinda chomwera tiyi chomwecho, antchito ena atatsamira makoma. Chikhutu anayamba, nanena za mtambo wake mouma, maso ali patebulo. Kenako abwana anatembenukira kwa wamng'ono.

"Bambo, munanena kuti akulu anuwa anaumba kachulu. Mukuimabe pomwepo?"

Mchira anaona njira ziwiri zili chitsegukire, ya mkazi wake ndi ya mkulu wake, iliyonse ya mawu oona okhaokha. Akanena za masana okha, mkulu wake apita ndi dzina la wabodza. Akanena za m'mawa wokha, mkulu wake atsala ndi mtambo wa bodza. Anapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wake, la mawu awiri, n'kuimirira.

"Ayi, mayi. Sanaumbe. Ndinawanenera zoipa popanda umboni. Dzulo ndinaloza ndekha, pulogalamu yawo nditazimitsa, ndipo kachulu ndinakaona ndi maso angawa."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Chikhutu anadzutsa mutu, m'maso mwake muli kachiyembekezo, ngati akuti: ima pomwepo.

"Koma mtambo kulibe," anapitiriza Mchira.

Anafotokoza zonse, osasiyako, mpaka pamene kachulu kanaphwera. Abwana anamvetsera atagwira chibwano.

"Kanaphwa nthawi yanji?"

"Nthawi ya kupatsirana, mayi."

"Ndiye masabata onsewa inu awiri simunakaone bwanji kakuphwa? Si nthawi imene mumakhala muli limodzi imeneyo?"

Wina kukhoma anatsokomola. Wokonza magetsi, munthu wosadziwa kusunga pakamwa, anati, "Limenelo ndi ola la nkhwidzi, abwana. Dishi imakhala ikuwothera dzuwa."

Abwana anafunsa tanthauzo lake, ndipo atauzidwa anavula magalasi n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti anthu akupempha nthawi pa dishi iyi kuchokera kutsidya kwa nyanja, ine n'kumawakaniza kuti yadzaza, pamene tsiku lililonse imagona chagada chifukwa madoda awiri a ndevu sangapatsane moni? Ndinatsala pang'ono kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha zimenezi? Manyazi mulibe? Mayi anu akudziwa?"

"Amaphika kawiri," anatero wamagetsi uja. Wina anamugunda ndi chigongono.

"Bambo wamkulu, ntchito yanu ili pomwepo, dzina lanu lili bwino. Munaona chimene dishi inakuonetsani. Koma za mtambo muiwale. Bambo wamng'ono, mawu amene munanena m'chipinda chino muwabweze m'chipinda chomwe chino, ndipo kalata yochenjeza ikupezani. Kuyambira mawa ola limenelo muzikhala nonse awiri, mpaka mutayeza bwinobwino mmene dishi yathu imamvera za m'mbali, kuti wina asadzagwerenso m'mbuna yomweyi. Amene atuluke msanga kapena kufika mochedwa, ameneyo ndiye alongedze."

Mchira anatembenukira kwa mkulu wake. "Achimwene, ndinakulakwirani. Pepani."

Chikhutu anaimirira n'kukonza jekete lake. "Wandiphera mwana, ukuti pepani? Bola ukanandisiya andichotse. Ndikanapita ndi mtambo wanga." Anatuluka osayang'ana munthu.

Kunyumba nako sikunali kozizira. Telala anamva nkhani yonse akudula nsalu, lumo likulira mokwiya.

"Kalata yochenjeza yanu, ntchito yawo. Mwagula bwino, abambo. Anakuthokozani?"

"Ayi."

"Ndinanena."

Koma madzulo amenewo, akutsuka m'manja, Mchira anadzimva akung'ung'uza nyimbo ija, ndipo besi inatuluka yonse.

Mawa lake anafika dzuwa lisanafike paliwombo. Anaima pakhomo pa kachipinda kaja. Chikhutu anali pa mpando, wotsitsa mpaka pansi, chipewa chili pamwendo. Sanatembenuke. Pa sikirini kachulu kanali chiimire, konenepa, kokongola.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Tseka chitseko, ukulowetsa fumbi."

Mchira anatseka. Anayang'anayang'ana pokhala. Kabenchi kaja kanali katachoka kukhoma, kali pafupi ndi mpando, moyang'ana sikirini. Sanafunse amene anakasuntha.

"Mpando usaugwire. Ola lino ndi langabe," anatero Chikhutu. "Khala apo. Tenga pensulo, uzilemba ndikamatchula. Paja kugwira pensulo ndinakuphunzitsa, kapena nakonso ndinaumba?"

Mchira anakhala, mawondo ali m'mwamba. Kunja dishi inabuula ikutsata malo opanda kanthu aja. Anadikira. Kenako nsonga ya kachulu inayamba kutsika.

"Ndi uko," anatero Chikhutu chapansipansi. "Wayamba kufa." Anatchula nambala yoyamba, Mchira nalemba. Anatchula yachiwiri. Pa yachitatu mawu anamuthera, ndipo anatulutsa kansalu n'kumina mwaphokoso.

"Fumbi lako lija," anatero.

"Eya, achimwene."

"Usandiyankhe. Lemba."

Anakhala mapewa atayandikana mpaka mzere unagona. Chikhutu anavala chipewa, naima pakhomo atapereka msana.

"Lamulungu ndikupita kwa mayi. Ngati ukubwera ubwere, koma mkazi wako asanditsegulire pakamwa."

Anamenyetsa chitseko monga mwa masiku onse. Mchira anasamukira pa mpando uja, dzanja lake n'kupita lokha pa chogwirira. Anaukweza, poti miyendo yake sinafupike, koma sanamange mwamphamvu.

Owerenga okondedwa, Mulungu amene amadziwa mtambo uliwonse wobisika pakati pa nyenyezi, amene amamva ngakhale zimene mtima sunanene, akudalitseni inu ndi a pabanja panu. Akupatseni lilime losadula choonadi pakati, ndi mphamvu yokhala pansi ndi m'bale wanu pa ola limene mumathawana. Mtendere wake ukhale pa nyumba zanu ndi pa ntchito za manja anu. Ameni.